Thumba la Mchere pa Chitsime cha ku Lisasadzi

Ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, mukatchula mayi Lefina Chisale, amene aliyense amawaitana kuti Anachisale, mudzamva chiweruzo chimodzi pakamwa paliponse: anathawa nkhondo ya Mulungu itafika pachimake, ndipo ng'amba ya chaka chino inalowera pakhomo limene iwo analisiya lotsegula. Ena amawonjezera motsitsa mawu kuti mdani anawagula kalekale. Chiweruzo chimenechi n'cholakwika, komanso n'chaulesi. Ochinenawo sanadzivutitse kufunsa kuti mayiwa anali ndani tsikulo lisanafike, kapena kuti ankadziwa chiyani pamene ankakana.

Anachisale anabadwira pa esiteti ina ya fodya, bambo awo ali tenanti. Anadziwa kunyamula keni yothirira asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakwatiwa ku Lisasadzi anayamba kulima fodya wawowawo wa bale, ndipo amuna awo atamwalira anapitiriza okha: kufesa nazale mu Seputembala, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Kutchalitchi anali mayi wa Chigwirizano, wosakonda kuyankhula pagulu.

Njala ya 2002 inawatengera mwana wamkazi. Atabwerako kumanda anafika pa mfundo imene sanaisiyenso: dziko la nthaka yabwino chotere silingaphe ana ake ndi njala popanda mdani woligwira pakhosi. Lachitatu lotsatira anasala kudya, nalowa m'chigafa chawo masana, nayamba kupempherera Malawi boma ndi boma, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, ngakhale kuti iwo eni sanapitirirepo Lilongwe. Woyamba kuwatsatira anali Fyness, mlongo wamng'ono wa malemu amuna awo. Patapita zaka gululo linafika anthu khumi ndi anayi. Ankapempherera olamulira, mankhwala m'zipatala, ndi chikumbumtima cha ogula fodya. Ankadzudzula mizimu ya chilala ndi ya katangale poitchula maina, ngati mmene munthu amathamangitsira mbuzi m'dimba. Kwa Anachisale, gulu limenelo linali banja limene manda anawasiyira.

Chaka chathachi kunabwera mlaliki wachinyamata wochokera kutauni, dzina lake Prosper. Apa pafunika chilungamo, chifukwa amene amakonda nkhani zosavuta angafune kuti akhale wakuba. Sanali wakuba. Sanapemphe kanthu kwa munthu, ndipo popempherera dziko ankalira misozi yeniyeni. Vuto lake linali limodzi: sanalerepo mbande ya fodya m'moyo wake.

Prosper anaphunzitsa kuti kupemphera ndi pakamwa pokha ndi kudziteteza chabe, ndipo yafika nthawi yoti asilikali aukire. Anati mizimu yozunza dziko imakhala pa magwero a madzi, ndipo Malemba akusimba za mneneri wakale amene anachiritsa madzi a mzinda pothiramo mchere. Anati pa tsiku limodzi la mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, magulu a opemphera m'maboma onse adzathira mchere m'zitsime zawo nthawi imodzi. Boma limene lidzalephere lidzasiya mpata pa mpanda wa dziko lonse.

Chitsime chimene anasankha chinali cha kudambo, chokumba ndi makasu, chimene mabanja khumi ndi limodzi amatungapo madzi othirira nazale. Mu Okutobala madzi ake amafika m'mawondo basi. Mozungulira chitsimecho munali mabedi a mbande za milungu inayi, timasamba take tating'ono ngati makutu a mbewa. Tsikulo gulu linafika likuyimba, Prosper atamanga thumba la mchere la makilogalamu makumi awiri ndi asanu kumbuyo kwa njinga yake yamoto. Analitsitsa pamapazi pa Anachisale.

"Amayi, ulemu uwu ndi wanu. Nkhondoyi munaiyamba ndinu, ndipo palibe dzanja lina loyenera kuthira."

Anachisale anamasula thumbalo, nayang'ana mchere, nayang'ana madzi. Anakumbukira kuti ku esiteti kapitawo ankaletsa ngakhale kutsukira poto wa nsomba zamchere pafupi ndi chitsime cha nazale. Anali ataonapo mbande zothiriridwa madzi amchere: zimapsa m'mbali, zimagwa, ndipo bedilo silimeranso kanthu chaka chimenecho. Kufesa kachiwiri kumapeto kwa Okutobala ndiko kuwokera mvula itapita kale.

"Mwanangu, tithire wonsewu?"

"Wonse, amayi."

"M'kachitsime aka? Kodi tikuphika ndiwo za Kasungu yense?"

Amayi awiri anaseka, koma anasiya msanga ataona nkhope ya mlaliki.

"Bwanji titsine pang'ono chabe," anapitiriza Anachisale. "Mulungu amaona mtima, sayeza pa sikelo."

"Mdani wabwera ndi chilala cha dziko lonse, inu mukamulandire ndi kotsina ndi zala?" anatero Prosper. "Chikhulupiriro chotsina chimabala chipulumutso chotsina, amayi. Nthawi ikupita."

Fyness anadzipukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Alamu, thirani, tikupsa ndi dzuwa pano. Zaka zonsezi mwatigwaditsa mpaka mawondo athu kuuma ngati a mbuzi, lero mukuopa mchere wa m'ndiwo?"

"Mlamu, mabedi atatu awo ndi ako. Uwathirira chiyani madzulo ano?"

"Amene anapanga mchere ndi amene anapanga fodya. Sangandiphere mbande."

Mfundo imene oweruza aja amaidumpha ndi iyi: onse khumi ndi anayi anali alimi a fodya. Panalibe mmodzi yemwe amene sankadziwa zimene mchere umachita pa nazale. Koma panalibenso wofuna kuoneka wa chikhulupiriro chochepa pamaso pa anzake, choncho aliyense anayang'ana pansi, kudikira kuti wina anene. Amadumphanso mfundo yachiwiri, yolemera kuposa yoyamba: Anachisale sankakayikira nkhondoyo. Ankakhulupirira kuti mdani alipo, kuti mneneri wakale uja anachiritsadi madzi, ndiponso kuti mwina pa mphindi yomweyo anzawo a ku Karonga ndi ku Mulanje anali atathira kale. Ngati Prosper ankanena zoona, kukana kunali kupereka dziko kwa amene anawaphera mwana. Ngati ankalakwitsa, kuvomera kunali kuphera mabanja khumi ndi limodzi chaka chathunthu ndi dzanja lawo. Anapempha chizindikiro chamumtima, koma sichinabwere.

Anamanganso thumba lija pakamwa, nalisenza pamutu, nayamba kukwera kumudzi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Palibe anawagwira. Prosper anayang'ana wotchi yake, nalengeza kuti ola lapita ndipo silibwezedwa. Kenaka anagwada pamatope, nalira.

Mbande zinakula bwino, ndipo mabanja onse anawokera mu Disembala. Koma mu Januwale mvula inadula kwa milungu inayi. Chimanga chinapota masamba, fodya anapinimbira, wina anachita maluwa asanafike m'chiuno. Ng'ambayo inagwiranso madera ena akutali, kumene dzina la Anachisale silinamvekepo, koma ku Lisasadzi anthu sanafune kumva zimenezo. Anali ndi mpata wa pa mpanda, ndipo anali ndi amene anausiya. Prosper anapita kukalalikira kwina. Gulu linasamukira m'chigafa cha Fyness, osatsanzika.

Chimene chinawazunza kwambiri Anachisale sichinali moni wosayankhidwa panjira. Chinali chakuti m'mawa uliwonse akaima m'munda mwawo mofota, funso la anthu aja linkawabwerera m'mawu awoawo: nanga ndikanathira? Lachitatu lililonse ankagwadabe m'chigafa chawo, koma ankati akafika pa Kasungu potchula maboma, pemphero linkathera pomwepo.

Mu Epulo anavala zovala zawo za Chigwirizano, napita kwa Fyness kukapempha kuti abwerere. Anapeza gulu lili pamikeka, fodya wochepa wa chakacho akulendewera pamwamba pawo. Anagwada pakhomo ngati mlendo.

"Ndabwera kudzapempha malo, anzanga. Ndekha ndikulephera."

Fyness sanawayang'ane m'maso. "Malo alipo, alamu. Palibe wakuthamangitsani. Mungonena pamaso pa gulu kuti tsiku lija anakutumani ndi mdyerekezi, tikupempherereni, zithe."

"Ndinganene kuti ndinaopa. Ndinganenenso kuti mwina ndinalakwa, chifukwa mpaka lero sindikudziwa."

"Mwina? Onani m'mwambamu. Fodya uyu akwana belo limodzi? Ana anga adya mwina?"

"Mlamu, amene anandituma ndi mbande zako. Ndikanena kuti ndi mdyerekezi ndinama, ndipo sindingalowe m'pemphero ndi bodza kuti ndipeze pokhala pamkeka."

Mayi wina wachikulire, amene anagwada nawo zaka makumi awiri, anasendeza mkeka pang'ono ngati akuwapatsa malo, koma ataona kuti ali yekha anabweza dzanja. Fyness anayambitsa nyimbo. Anachisale anadikira mpaka ndime yoyamba itatha, kenaka anadzuka, nasasa fumbi pamawondo, nabwerera kwawo.

Anthu anganene kuti mayiwa ndi ouma mutu, ndipo pamenepo sindingatsutse kwambiri. Koma wothawa nkhondo sabwerera kudzagwada pakhomo la asilikali anzake, ndipo wogulidwa ndi mdani sakana bodza limodzi lomwe likanamubwezera zonse.

Lachitatu lapitali ndinaima kunja kwa chigafa cha Fyness masana, ndipo ndinamvetsera gulu likutchula adani a dziko mmodzimmodzi kuti liwagwetse. Dzina la Anachisale linali lachitatu, pakati pa chilala ndi katangale.