Tsiku limene anagawa ng'oma za ba Edmond

Ku komboni ya Matero ba Enos Daka amadziwika ngati mkulu wokonza mawailesi pakhonde. Ndi ochepa amene amadziwa kuti zala zomwezo zimatha kuliza gitala mpaka munthu kuiwala mowa uli m'manja. Ochepa ndithu, chifukwa a masiku ano akamva nyimbo yopanda mawu amafunsa kuti iyamba liti.

Jazi anaimva koyamba ali mnyamata, m'wailesi ya munthu wina imene ankaiyesa ngati yachira. Gitala wa mmenemo ankayenda monyada, mochedwa dala, kenaka n'kukoka nsambo imodzi mpaka kulira ngati mayi wofedwa. Wailesiyo inachedwa kubwerera kwa mwini wake.

Gulu lawo linali la anthu atatu basi: iwo pa gitala, ba Kangwa pa besi, ba Edmond pa ng'oma zachizungu. Lamlungu masana ankaimba kuseri kwa bala ina ku Lilanda, mpira usanayambe pa kanema. Ba Enos ankati ubwino wa atatu ndi woti palibe pobisala, ukanama anzako amamva pomwepo. Gitala akafunsa, ng'oma zinkayankha, besi ali pansi kugwira onse awiri kuti asagwe. Ba Edmond sankachita phokoso. Ankasesa chikopa cha ng'oma ndi timatsache tawaya, mbale yamkuwa ikuti tsi-tsiki-tsi, kuikankha nyimbo kumsana mpaka mapazi a anthu ayambe okha kugunda pansi.

Ba Edmond anamwalira mvula ili mkati. Koma ng'omazo zinali naye wozidziwa. Mwana wawo Marjory, mayi wa ana awiri wogulitsa zovala zakaunjika za salaula pamsika, anakulira pampando wa ng'omazo, ndipo bambo ake atayamba kudwala ndiye ankawalowera m'malo. Dzanja lake linali la bambo ake lenileni. Ba Enos ankafuna chinthu chimodzi chokha: ng'omazo zikhale pamodzi, m'manja mwa Marjory. Zikapita, zina akanazitenga kuti?

Mawa lake ataika maliro, achibale anakhala pansi pa tenti kugawa katundu wa malemu, monga mwa mwambo, kuti aliyense apite ndi chokumbukira. Wogawa anali ba Mukupa, mkulu wawo wa malemu, amene anabwera kuchokera kumudzi ndipo sanamvepo mng'ono wawo akuimba. Malaya anapita, nsapato zinapita. Kenaka anatuma anthu kukatulutsa ng'oma. Khomo la chipinda linali laling'ono, choncho anazimasula n'kuzitulutsa imodziimodzi, kuziyala pamphasa ngati mapoto.

"Vinthu vambiri ivi," anatero ba Mukupa, nkhope itawala. "Aliyense azapezako."

Ba Enos anaimirira, chipewa chili m'manja. Ankadziwa bwino kuti bwenzi la malemu lilibe pakamwa pabwalo la achibale, ngakhale litadya naye mbale imodzi moyo wonse.

"Ba Mukupa, pepani, ine ndine mlendo pano. Koma ichi ni chinthu chimodzi. Mukachigawa, mwachipha."

"Chimodzi? Ba mudala, maso yanga yakali kuona. Imwe ndimwe bandani pa banja lino?"

"Tinali kulizira pamodzi."

"Oho! Ba ku bala."

Anthu anaseka chapansipansi. Ba Kangwa, chimunthu chachikulu ndithu, anayang'ana nsapato zawo.

Marjory anachoka pamphasa ya azimayi n'kugwada. "Batata bakulu, nimaziliza ine izo ng'oma. Batata bananiphunzitsa."

"Iwe, khala pansi," anamudula azakhali ake. "Mkazi wa pa nyumba kuliza ng'oma pakati pa vidakwa? Apongozi bako bali apa, bakumva. Uzatenga bulangeti."

Chowawa n'chakuti ba Mukupa sanali munthu woipa. Akanakhala wakuba, bwenzi pali womutukwana. Iwo ankangoopa kukondera. "Nikapatsa mmodzi vonse," anatero mofatsa, "benangu bazakamba chani?"

Ng'oma yaikulu anapatsa mphwawo wa malemu amene ali ndi katchalitchi ku Chawama. Yaing'ono, ija yoyankha gitala, inapita kwa msuweni woti ana ake azikaseweretsa. Mpando anatenga azakhali aja, ati ukawathandiza pogulitsa tomato. Mbale zamkuwa zinagwera mlamu wina wogula zitsulo zakutha ku Kanyama, ndipo ba Enos anamuona akuzinyamulanyamula m'manja, kuyesa kulemera kwake. Timatsache tawaya palibe anadziwa ntchito yake. Mayi wina anati tingakwechere mbaula, n'kutiponya m'chikwama.

Marjory sanalire. Anakhala atafungata bulangeti, akuyang'ana pamphasa pamene panatsala fumbi lokha.

Ba Enos anatembenuka kuti azipita, koma ba Mukupa anawaitana mwachifundo.

"Na imwe ba mudala, musayende manja chabe. Munali banzake." Anawapatsira tayi wofiira wa malemu.

Chopatsidwa pamaliro sakana. Ba Enos anawerama pamaso pa anthu onse, n'kuwomba m'manja kuthokoza, n'kulandira ndi manja awiri. Kunja kwa geti ng'oma yaikulu inali kale pawilibala, ikugunda yokha m'maenje a msewu wopita ku Chawama.