Tsiku Limene a Komoka Anasambitsidwa Zenizeni

Pachipatalapo panalibe amene ankawaitana ndi dzina la pa chiphaso chawo. Kuyambira alonda a pageti mpaka madokotala, onse ankangoti a Komoka. Ntchito yawo inali yokankha odwala pa machira a matayala, kuchoka kuwodi kupita kojambula, kuchoka kojambula kubwerera kuwodi, ndipo anaigwira mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Koma dzinalo silinachokere pa machira. Linachokera pa ntchito ina imene inkabwera kamodzi pachaka.

Chipatalacho chinkasunga mankhwala a cheza, aja madokotala amati rediyeshoni, othandiza kuona matenda a m'kati mwa thupi. Cheza chimenechi sichioneka ndipo sichinunkha, koma chikachuluka pathupi chimavulaza. N'chifukwa chake chaka chilichonse ogwira ntchito ankayeserera zimene angachite mankhwalawo atatayikira anthu. Ankakhoma tenti kuseri kwa nyumba yolandirira angozi, kuzinga malowo ndi tepi yachikasu, anamwino n'kuvala zapulasitiki kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chimene chinkasowa ndi munthu woti akhale wovulala.

Chaka choyamba aliyense anakana, poti ndani angakonde kuvulidwa anzake akuonerera. Bambowa anavomera chifukwa anamva kuti wovulalayo akamaliza amaweruka. Anawawaza ufa wina umene umawala akauunika ndi tochi yapadera, n'kuwauza kuti agone pansi adikire. Iwo anaona kuti kungogona chabe n'kupeputsa ntchito. Anadzandira, anadzigwira pakhosi, anaitana mayi awo amene anamwalira kalekale, kenaka anagwa ngati thumba la simenti. Namwino wina anatulutsa misozi yeniyeni m'kati mwa chigoba chake chapulasitiki. Dzuwa lisanalowe, dzina linali litamera.

Kuyambira pamenepo malowo anakhala awo. Zonse ankazidziwa ndi khungu lawo: kuzizira kwa sizasi ikamadula malaya kuyambira pakhosi kutsika m'munsi, mmene ankapindira nsalu kuti fumbi likhale m'kati, madzi ofunda ndi sopo, siponji yoyenda pang'onopang'ono kuti khungu lisasupuke. Pomaliza pankabwera mayi woyang'anira za cheza, amene onse ankamutcha mayi wa kamakina. Ankayendetsa kamakina kake pathupi lonse, ndipo popeza ufawo unalibe cheza chilichonse, kamakinako kankangoti tete, n'kukhala chete, tete. Mayiyo ankachita kunena pakamwa kuti apa palira kwambiri, sambitsaninso.

Kunyumba akazi awo sankaona chonyadira. Ankati amuna a anzawo amabwera ndi nkhani za kukwezedwa pantchito, awo amabwera akununkhira sopo wa kuchipatala, malaya atasanduka zigamba. Komabe ankawasungira pansi pa bedi katoni ya zovala zotha ntchito, zimene pakhomopo ankazitcha zovala zofera.

Chaka chimene mwana wawo wamkazi anamaliza maphunziro a unamwino, panabuka vuto la chovala. Sukuluyo inali mumpanda womwewo wa chipatala, ndipo a Komoka sanafune kuti anzawo awaone pa tsiku lotere atavala jekete yawo yotuwa m'zigongono. Anapita kukabwereka suti kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anali ndi shopu ya mipando. Alamuwo anaitulutsa m'kabati ngati akutulutsa khanda m'chikuta. Anawalangiza kuti asakhale pa simenti, asaike makiyi m'thumba, ndipo akafuna kuyetsemula ayambe amasula batani.

M'mawa wa tsikulo akazi awo ndi alamu anatsogola kukagwira malo m'holo. A Komoka anati adzera kuseri kwa nyumba ya angozi, ati njira yachidule, koma zoona zake ankafuna kuti anzawo a machira aione sutiyo. Atangokhota pakona anaima. Tepi yachikasu inali itazingidwa kale. Tenti inali ikukwera. Anamwino ankavala zapulasitiki mothamanga, wina akudumpha ndi mwendo umodzi.

Mtima unawawawa. Zaka zonsezi akugwa pa simenti yomweyi, lero achita popanda ngakhale kuwauza? Ndipo m'kati mwa tepimo munali kale munthu wina, bambo wonenepa wovala yunifolomu ya madalaivala, atakhala m'mphepete mwa njira, manja ali m'mwamba, ali duu ngati akudikira basi. Pambali pake panali kangolo katagwa chammbali. A Komoka anapukusa mutu. Kubweretsa munthu wakunja, woti sadziwa n'kubuula komwe!

Sutiyo anaikumbukira ndithu. Anaganiza zongogwada ndi bondo limodzi, kubuula kamodzi kuti mlendoyo aone mmene ntchito imagwiridwira, kenaka n'kupita kumwambo. Anadzera kumaluwa, kumene kunalibe mlonda, anawerama n'kudutsa pansi pa tepi. Koma luso likakwera kumutu silimva malangizo a mlamu. Atangoyamba kudzandira, anthu anakuwa kuti aime pomwepo, asasunthe. Iwo anamva ngati akuwachemerera. Anadzigwira pakhosi, anazungulira, anagwa chagada pafupi ndi kangolo kaja, n'kugubuduka kuti aonetse nkhope. Kumsana anamva kunyowa pang'ono, ngati wina anatayapo madzi akumwa.

Mayi wa kamakina anafika n'kuima patali pang'ono. Sanaseke monga ankachitira zaka zonse.

"A Komoka, lero si sewero. Botolo la mankhwala a cheza lasweka, ndipo mwagona pomwe atayikira. Manja asafike kukamwa."

Anatambasula mkono n'kuyandikitsa kamakina kujekete. Sikanati tete n'kupuma. Kanalira mosalekeza ngati mafuta otentha akagweramo madzi. A Komoka anali asanamvepo kulira kumeneko.  Munthu amene kubuula kwake kunkamveka mpaka kuwodi ya amayi anangoti zii, maso ali kumwamba. Dalaivala uja, amene kangolo kake kanapunthwa pa mng'alu wa simenti, anawayang'ana mwachifundo n'kuwauza chapansipansi kuti apume bwinobwino, amayiwa akuti sitifa.

Anawanyamula n'kuwagoneka pa machira amene iwo omwe anawathira mafuta m'matayala dzulo lake. Sizasi itafika pakhosi, m'pamene lilime linamasuka. Anapempha kuti jekete yokhayo aivule bwinobwino, si yawo, ndi ya alamu. Sisitala wamkulu, amene zaka zonse ankawaseka kuti mimba ikukula, anayang'ana mayi wa kamakina, mayiyo anapukusa mutu, sizasi n'kuyamba ulendo wake. Inadutsa pakolala, inatsika mkono, inalowa m'buluku. Anapinda zonse mosamala kwambiri, ulemu umene zovala zofera sizinaulandirepo, n'kuziika m'thumba lachikasu, kumanga, kulembapo.

Anawauza kuti kungochotsa zovalazo kwachotsa mbali yaikulu ya vutolo. Zotsala zinali kumsana, m'khosi ndi kudzanja lamanja. Anawasambitsa, kupima, kusambitsanso. Madzi onse ankagwera m'chidebe chapadera. Anawatsuka tsitsi atawaweramitsira kumbuyo kuti madzi asalowe m'maso, anawapatsa kapepala kuti amine, n'kukapimanso kapepalako. Panalibe woseka, panalibe wojambula. A Komoka ankanjenjemera ngakhale madziwo anali ofunda, ndipo anadabwa kuona kuti manja a anamwinowo sankanjenjemera konse. Ankagwira thupi lawo ngati njira imene anaizolowera.

Patapita nthawi kamakina kanabwerera ku tete wake wakale. Dokotala anawapima, n'kunena kuti khungu lili bwino, cheza chimene alandira n'chochepa, koma abwerenso mawa adzawaonenso. Mayi wa kamakina anawafunsa chimene chinawalowetsa m'tepi. Iwo anayankha kuti anaona ngati mnzawoyo akufunika thandizo. Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo analemba zimene analemba.

Zovala zimene zinapezeka zinali zobiriwira zija amavala a kuchipinda cha opaleshoni, ndi nsapato zoyera za labala. Anathamanga nazo kuholo mwambo uli pakati. Wolandira alendo pakhomo atangoona zobiriwirazo anawerama, n'kunena kuti adokotala adutse kuno. Anawatsogolera kudutsa makolo onse mpaka kumpando wa kutsogolo, pakati pa akuluakulu a sukulu. Mwana wawo ataitanidwa kukalandira satifiketi, anadutsa pafupi penipeni, anawaona, anaphethira kawiri, n'kupitirira. A Komoka anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira madokotala. Kumbuyo, pakati pa khamu, ankamva maso a anthu awiri akuwaboola pakhosi.

Panja alamu sanapereke n'komwe moni.

"Alamu, suti yanga ili kuti?"

"Ili pabwino, alamu. Aisunga m'chipinda chokhoma, chachitsulo. Palibe angaikhudze."

Zoona zinatuluka madzulo kunyumba, akazi awo atawakhazika pampando. A Komoka anafotokoza kuti mankhwala amenewo mphamvu yake imatha yokha pakapita masiku, ndipo thumbalo likadzasiya kuliza kamakina achipatala adzawabwezera. Anabwezadi. A Komoka analinyamula okha kupita nalo kushopu ya mipando, pamodzi ndi telala amene analonjeza kuti akhoza kulumikiza zidutswazo. Alamu anawaimitsa pakhonde. Anati chinthucho chisalowe m'shopu mwawo, makasitomala angamve. A Komoka anafotokoza kuti apima, chilibe kanthu, n'choyera kuposa mipando yomweyo. Alamuwo anati ngati n'choyera akavale okha, ndipo anatha miyezi osaponda pakhomo pa mlongo wawo.

Akuluakulu a chipatala anakhala pansi kukambirana za ngoziyo. Mng'alu wa simenti uja anaumata. Anayamikira anamwino kuti anagwira ntchito mwachangu ndi mosaphonya, ndipo anati izi zinatheka chifukwa cha kuyeserera kwa chaka ndi chaka. Anagwirizananso kuti kugwiritsa ntchito munthu wamoyo poyeserera kumabweretsa chisokonezo. Anaitanitsa chidole chachikulu ngati munthu, cha khungu la labala, chokhala ndi mawaya m'mimba.

Chidolecho n'cholemera, ndiye pamafunika wochikankha. Ntchitoyo inagwera a Komoka. Tsiku loyeserera likafika amakachitenga kusitolo, kuchigoneka pa machira, kuchifikitsa pa tepi, iwo n'kutsala kunja. Anamwino atsopano amachigwira paphewa n'kuchiuza kuti chisaope, chili m'manja abwino. Madzi sachithira, akuti mawaya angawonongeke, ndiye amangoyendetsa siponji youma m'mwamba mwake. Chaka chatha kunagwa mvula ali pakati pa ntchito. Sisitala wamkulu anakuwa kuti wina abweretse ambulera msanga, ndipo a Komoka anathamanga, n'kuima pamenepo atachifunditsa mpaka mvula inakata, madzi akuwatsikira m'khosi.