Mtanda wa Choko pa Njinga ya Ba Lameki

Ndinapundula munthu popanda kumukhudza, koma mpaka lero kwathu ku Bundabunda amanditamanda kuti ndine bwenzi lenileni. Inu owerenga, ndimvereni, chifukwa nkhaniyi sindinamuuzepo ngakhale wansembe.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi ambuya. Ndinakula wosalankhulalankhula, koma maso anga sankaphonya kanthu. Njinga zamoto ndinazikondera ku mishoni, komwe ndinaphunzira umakaniko kwa ba Lameki, amene anali aakulu kwa ine ndi zaka zisanu. Iwo atapita ku Joni chapakati pa zaka za m'ma 1990, anandiitanitsa n'kundipezera ntchito m'galaja yomwe ankagwira.

Kumeneko kunali kalabu ya anthu wamba, amakaniko ndi oyendetsa malole, omwe Loweruka ankapikisana pa njinga zakale m'bwalo lafumbi kuseri kwa mgodi wotsekedwa. Mphotho inali kachikho chabe. Ba Lameki ankapambana kawirikawiri, ine ndinkathera wachitatu kapena wachinayi. Kugonjako sikunkandiwawa, chinkandiwawa ndi pakamwa pawo. Ankandigwira pakhosi n'kuuza anzathu kuti, "Aka ni kamwana ka ambuya. Ninakatola kalibe na nsapato, kanali kugona mphasa imodzi na nkhalamba mpaka ndevu zamera." Onse ankaseka. Ine ndinkamwetulira, n'kusunga mumtima.

Kalabuyo inali ndi lamulo lakuti munthu sayendera njinga yake yekha. Mpikisano usanayambe, mnzako ndiye ankayang'ana matayala, tcheni ndi mabuleki, akakhutira n'kulemba mtanda wa choko pathanki. Popanda mtandawo sunkaloledwa kulowa m'bwalo. Ine ndi ba Lameki tinkayenderana.

Tsiku lomaliza la mipikisano ya chaka china, ndinaona kuti waya wa buleki yakutsogolo ya njinga yawo wadyeka pafupi ndi chogwirira, kwangotsala timawaya titatu. Waya watsopano ndinali naye m'chikwama. Ndili chigwadire, ndinawamva akufuula, "Fulumira iwe wamasiye, suli kuswa nshawa za ambuya pano!" Ndinabwezera kamphira kophimba wayayo pamalo pake, ndinatenga choko, ndinalemba mtanda.

Ndinkadzinamiza kuti angochita mantha n'kutsalira m'mbuyo. Tikuzungulira bwalo kachinayi, pakona yotsetsereka, ndinali kumbuyo kwawo kwenikweni. Ndinaona dzanja lawo likufinya buleki, njinga osachepetsa liwiro. Anakawomba mulu wa miyala. Ine ndinawalambalala n'kupitirira, ndipo kachikho kaja ndinakalandira ndine, iwo atatengedwa kale kupita kuchipatala.

Msana unathyoka. Atatulutsidwa, ndinawanyamula pabasi mpaka ku Lusaka, kenako palole mpaka kumudzi. Amayi awo anandigwadira pamaso pa anthu n'kundipatsa nkhuku. Ambuya okha sanandiyamike. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anamwalira osandifunsa kanthu.

Ku Joni sindinabwererenso. Ba Lameki akhala panjinga ya olumala zaka zonsezi, ndipo mkazi wawo anawathawa chaka chachiwiri. Ndimapita kukawasambitsa kawiri pa sabata. Ndikamawanyamula, amandigwira mkono n'kunena kuti, "Mufana wanga, ninali kukunyoza maningi, nikhululukire. Uja waya unabisala chabe. Ukanauona, nidziwa sembe unanipulumutsa." Ndimayankha kuti zinapita izo, n'kupitiriza kuwatsuka miyendo imene siimva ngakhale madzi atentha.

Inu owerenga, munthu akakunyozani muyankheni pomwepo, ngakhale mutukwanane anthu akuona. Musamwetulire n'kusunga ngati ine. Ndipo mnzanu akakupatsani moyo wake kuti muuyang'anire tsiku limene mtima wanu wada naye, nenani kuti lero ayendere wina. Kusintha wayayo kukananditengera mphindi zisanu zokha. Mawa ndi Lachitatu, tsiku lokawasambitsa, ndipo akandipepesanso.