Ndinapereka malimu anayi, ndinabwezeredwa mapoto awiri

Akonzi, ndipatseni malo. Ndili ndi nkhani ndi bambo wina wa galaja ku Bvumbwe amene amadzitcha Injiniya. Ndinamupatsa malimu anayi a galimoto yanga kuti achotse penti wakale ndi kupaka watsopano. Wandibwezera malimu atatu obooka ndi mapoto awiri. Chivindikiro chimodzi.

Ndine nkhalamba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Koma ndayendetsa galimoto pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo zaka makumi atatu ndi chimodzi, osagunda ngakhale nkhuku. Bwana manejala womaliza amene ndinamuyendetsa, pobwerera kwawo, anandisiyira kagalimoto kake kothamanga, kofiira, ka mipando iwiri, kotsegula denga. Ndi kakale kuposa ana anga onse. Malimu ake, zitsulo zimene tayala limavala zija, si achitsulo wamba ayi. Ndi a aluminiyamu. Ku Limbe simungawapeze. Ku Blantyre ndinafunsako kale, anandiseka.

Mdzukulu wanga Linesi ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankakhala mu galimotoyo n'kumayerekeza kulira kwa injini ndi pakamwa. Ndinamulonjeza kuti tsiku la ukwati wake ndidzamutengera ku tchalitchi m'menemo. Ine ndikanena chinthu ndanena. Ukwati unali Lamulungu, 10 koloko m'mawa.

Chifunga ndi mvula ya kuno zinali zitasenda penti wa malimu. Manja anga masiku ano amanjenjemera, ndiye ndinati ndipatse anyamata a masiku ano ntchito. Uko ndiye kulakwa kwanga, ndipo ndikuvomera.

Lolemba, 8 koloko itangokwana, ndinatsika matola ndi malimu anayi m'matumba a feteleza. Galimoto ndinaisiya kunyumba itakhala pa njerwa. Chikwangwani cha pagalajapo chimati amakonza galimoto, njinga, mawilibala, zitseko ndi mabedi. Munthu mmodzi nzeru zonsezo! Anatuluka a Injiniya, ovolosi yoyera bwino, cholembera kukhutu.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, monga ndinkafotokozera madalaivala atsopano. Kupala penti ndi manja. Sandipepa wokhakhala, kenako wosalala, ndi madzi. Kupaka penti wa siliva mopopera, kopyapyala, kawiri. M'mphepete kupolisha mpaka munthu adzione nkhope. Ndipo ndinanena katatu: soda wopangira sopo uja asayandikire. Soda amadya aluminiyamu. Ndinaona ndi maso anga ku fakitale ya tiyi, thireyi yonse itasanduka sefa.

A Injiniya anaseka. Akuti, "Madala, izo ndi za nthawi ya atsamunda. Ife pano tili ndi njira zamakono." Atamva dzina langa anayamba kundiyankhula Chilomwe, akuti ndife amodzi, agogo athu anatsika phiri limodzi, wachibale sangamugwetse. Akuti ndibwere Lachitatu. Ndinalipira zonse pomwepo. Ndinawauzanso kuti ndine wa Sabata: dzuwa likalowa Lachisanu, ine za malonda ndatseka mpaka litalowanso Loweruka. Anagwedeza mutu mwaulemu kwambiri. Sindinadziwe kuti mwa zonse ndinanena tsikulo, chimene anasunga ndi chokhacho.

Lachitatu, 11 koloko. Akuti malimu akuuma, sangaonedwe, maso a munthu amabweretsa fumbi. Maso anga ine, fumbi?

Lachinayi, 2 koloko. Akuti magetsi anazima. Ndinafunsa ngati sandipepa wa masiku ano amayendera magetsi. Akuti, "Madala, mumakonda nthabwala." Ine sindinachitepo nthabwala ndi munthu pa ntchito.

Lachisanu, 3 koloko masana, sindinapemphenso. Ndinangozungulira kuseri kwa galaja. Kumeneko ndinapeza mgolo wodula pakati, madzi ake otuwa, akuchita thovu popanda moto pansi. Fungo lake lotsamwitsa. M'menemo ndi m'mene amaviika mafelemu a zitseko ndi miyendo ya mabedi kuti penti achoke yekha, iwo akusewera bawo. Njira yamakono ndi imeneyo: mgolo wa soda.

Pakhoma panatsamira malimu atatu. Anali atapakidwa penti wa zitseko, wotuwa, ndi bulashi. Tsitsi la bulashi linamatirira pomwepo. Ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kukanda pang'ono. Pansi pa penti panali pakuda bii, timaenje tokhatokha ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Pamabowo a mabawuti panadyeka. Limu lotero mukalimanga, mupite nalo pa msewu wokhotakhota wa m'minda ya tiyi, mkwatibwi ali pambali panu? Kuti mukamutule kuti, ku tchalitchi kapena ku chipatala?

Ndinafunsa kuti soda ndinati chiyani. Akuti, "Tinangoviika pang'ono, madala. Zitseko timaviika masiku atatu, sizidandaula." Ndinati limu si chitseko. Akuti chitsulo ndi chitsulo. Akutinso timaenjeto n'tabwino, penti amagwira mwamphamvu, ndipo galimoto yothamanga imafunika malimu opepuka. Mwamva? Anandichitira chifundo. Ndimayenera kuthokoza.

Nanga lachinayi lili kuti? Apa a Injiniya anayang'ana kumwamba, kuyang'ana dzuwa. Akuti, "Lili pa finishing'i. Mubwere mawa." Kenako, ndi nkhope ya munthu wopemphera: "Aaa, pepani, mawa ndi Sabata eti? Fulumirani, madala, dzuwa lingakulowereni panjira."

Ndinaima pamenepo ndodo ili m'manja. Inali 4 koloko itadutsa. Kwathu ndi matola kenako mtunda wapansi. Munthu ameneyu anawerengera dzuwa langa. Ndinasankha Mulungu, ndinapita. Loweruka lonse ndinakhala mu tchalitchi, nyimbo zikuimbidwa, ine mutu uli mu mgolo wa soda. Ambuye andikhululukire.

Lamulungu, 6 koloko m'mawa, tsiku la ukwati, ndinali pakhomo pa a Injiniya nditavala kale suti. Ndinkati mwina limodzilo lapulumuka, ndikhale ndi chitsanzo chokafunira ena. A Injiniya anatuluka akumwetulira, manja kumbuyo. Akuti limu lachinayi linaiwalika mu mgolo kuyambira Lolemba, ndipo politulutsa linathyoka. Akuti poona kuti mdala angadandaule, anakalipereka kwa mnzawo wapafupi amene amasungunula aluminiyamu ndi makala n'kuumba ziwiya. Anatulutsa manja. Mapoto awiri, owala bwino.

Akuti, "Simunataye kanthu, madala. Aluminiyamu ndi yemweyo. Mphatso ya mkwatibwi imeneyi."

Ndinafunsa za chivindikiro chachiwiri. Akuti limu linali laling'ono.

Ndivomereze chinthu chimodzi. Mapotowo ndi opolishidwa bwino. Munthu umadziona nkhope. Ntchito imene ndinalipira inachitika ndithu, koma pa poto.

Linesi anapita ku tchalitchi pa galimoto ya matola yobwereka, imene dzulo lake inanyamula kabichi. Tinayala chitenje pampando. Amayi othyola tiyi amene anakhala akundiona zaka zonsezi ndikupukuta galimoto yofiira anaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti aione. Anaona matola. Analuluta ndithu, chifukwa ndi anthu aulemu. Ine ndinakhala kumbuyo, chipewa chili pa maondo.

Madzulo ake, tisanamuperekeze, mwana uja anandigwira dzanja. Anakalowa mu galimoto ili pa njerwa pomwepo, ndi velo yake, n'kuitana wojambula. Anati, "Agogo, khalani pa chiwongolero. Ajambule cha m'mwamba, njerwa sizioneka." Atatero analira ngati injini, monga ankachitira ali mwana. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Chithunzicho chili pakhoma. Njerwa imodzi ikuoneka.

Tsono a Injiniya, popeza mumawerenga nyuzipepala mukamadikira soda agwire ntchito yanu, ndiyankheni. Ukatswiri wanu munauphunzira kuti, kopangira sopo? Munthu wamkulu akanena katatu, mumamva kangati? Malimu a mtundu umenewu mukawapeza kuti? Ndalama zanga sindikuzifuna, khalani nazo mugulire soda wina. Ndikufuna malimu anayi, a aluminiyamu, ozungulira, opanda zogwirira.

Inu a ku Thyolo, Bvumbwe, Nsabwe ndi kwina konse: ngati muli ndi chitseko, pitani nachoni, amachitha. Ngati muli ndi chinthu chimene simungachipezenso, khalani nacho kunyumba, mupale nokha, ngakhale manja akunjenjemera.

Mapoto aja sindinamupatse Linesi. Ndili nawo ntchito. M'mawa uliwonse ndimakwera matola, ndimakhala pa mpando wanga wopinda kutsogolo kwa galaja ija, poto pa bondo ili, poto pa bondo ilo. Aliyense woimika galimoto ndimamupatsa moni, n'kumuuza kuti awa anali limu. Sabata yatha anabwerera anthu asanu. A Injiniya akuti ndikuwaonongera bizinesi, ndipo afunsa kuti ndisiya liti.

Ndinapuma ntchito, bambo. Nthawi ndili nayo. Loweruka lokha mupume. Tsikulo mumalidziwa bwino.

E. Muhiwa,
dalaivala wopuma ntchito, Thyolo