Njerwa za Pansi pa Katope

Ndikakumbukira agogo NyaShaba, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la dongo lonyowa losakanikirana ndi utsi wa makungwa omwe ankawotchera miphika kuseri kwa nyumba yawo, utsi wolemera uja womwe m'miyezi yozizira unkakana kukwera kumwamba n'kumangokwawa pansi mpaka kukalowa m'zovala zathu pachingwe. Sanali agogo anga enieni. Ife tinali obwera, a ku Dedza, tinatsatira bambo omwe ankayendetsa galimoto ya boma ku Mzimba, ndipo tinkachita lendi nyumba yoyandikana ndi yawo, kumunsi kwa tauni, komwe njira imatsetserekera kumtsinje. Anali mayi wamtali, wouma ngati phesi, wa zala zong'aluka ndi dongo. Ankakhala okha. Ana analibe, ndipo palibe ankafunsa chifukwa chake.

Chomwe chinkatiseketsa n'chakuti dongo labwino, lija lomata ngati phala la mawere, linali pafupi pomwepo, pokhota mtsinje, pansi pa mtengo wa katope. Koma iwo ayi ndithu. Ankasenza dengu n'kulowera njira ya ku Manyamula, kubwerako dzuwa litapendeka, khosi litalowa m'mapewa. Amayi atawafunsa tsiku lina, anangoyankha kuti, “La apa n'lozizira chomene, amama,” nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndinali kamtsikana ka pakamwa posatseka, ndiye popita kumsika ndinkawakakamira ngati chisoso. Kuyenda nawo kunali kuyenda m'matauni awiri, ina yooneka, ina yomwe ankaiona okha. Tikafika pamashopu ankaloza ndi chibwano. “Apa, mwana wane, panali dambo. Ng'ombe zinkatitimira mpaka m'mimba.” Ankati pamene ankabwera kudzakwatiwa, tauni yonse inali tinyumba tochepa ta boma kumtunda, tchalitchi, ndi bango lokhalokha kumunsi, ndipo kukagwa mvula anthu ankagona kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Kenako kunabwera mlatho. Mlatho unabweretsa amalonda Achisilamu ndi nsalu zawo, msika n'kukula. Kenako amuna anayamba kupita ku Joni, kubwerako ndi malata, ndipo malata safuna khoma la mitengo, amafuna njerwa zowotcha. Aliyense anatsikira kumtsinje ndi khasu ndi chikombole. Bango linatha, gombe linasanduka maenje okhaokha.

“Ukaona tauni iyi,” ankatero, “waona mtsinje. Mbwenu wangoimirira.”

Koma panali china chomwe chinkandiimitsa tsitsi. Podutsa pa makoma ena, osati onse, ankaika kuseri kwa dzanja pa njerwa, monga mayi amachitira pamphumi pa mwana wotentha thupi, n'kunong'ona kuti, “Monire.” Masana, abale, anthu akuona! Ankadikira kaye pang'ono, mutu atapendeketsa, ngati khomalo liyankha. Anyamata a kabaza ankaseka, amayi ogulitsa tomato n'kumakokera ana awo pafupi. Dzina la ufiti linali kuwatsatira kale, kungoti palibe anali atalitchula pamaso pawo.

Chaka chomwe ndinali sitandade folo, bambo anapeza puloti. Ha, chimwemwe chake! Munthu wotopa ndi lendi ameneyo ankayeza malowo ndi mapazi tsiku lililonse akaweruka. Anapeza amuna atatu oumba njerwa, ndipo iwo atazungulira gombe lonse anapeza kuti malo okhawo osakumbidwa, a dothi labwino, anali pansi pa katope paja.

Tsiku loyamba agogo anali atapita kudongo kwawo kutali kuja. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinatumidwa kukapereka thobwa kwa oumbawo, ndipo ndinapeza ntchito itaima. Njerwa zaziwisi zinali ndondolondo padzuwa, zofunditsidwa udzu. M'dzenje, m'matope momwemo, munali mutakhala agogo NyaShaba, miyendo atatambasula, chitenje chonse chili thope, manja atayala pansi mbali zonse ziwiri ngati nkhuku yofungatira.

“Apa yayi,” ankangobwereza. “Ndapota, adada, apa yayi.”

Wamkulu wa oumbawo anawafunsa chifukwa. Agogo anangobwereza mawu omwewo. Anawafunsa ngati malowo ndi awo, anapukusa mutu. Ndiye wina anaseka n'kunena mokweza zomwe tauni yonse inkanong'ona: “Pali zithumwa zawo apa. Takumba pamene amasungira katundu wawo.” Ndinathamanga kukaitana makolo. Bambo anafika atapsa mtima, chifukwa mvula inali pafupi ndipo njerwa zikapanda kuwotchedwa nthawi yake, chaka chonse chapita. “Agogo, ndimakulemekezani,” anatero, “koma musandiyese. Nenani chomwe chili apa, apo ayi tulukani.” Anthu anali atayamba kusonkhana pamtunda. Wina anali atatola kale chibuma.

Agogo anayang'ana bambo, n'kuyang'ana amuna onse aja. Kenako maso awo anafunafuna amayi.

Amayi anakwinya chitenje n'kutsikira m'dzenjemo. Agogo anafukula pang'ono m'matope pambali pawo, n'kutulutsa phale, chidutswa cha mphika chokhala ndi timizere tija ankalemba pakhosi pa miphika yawo yonse. Anawaonetsa, n'kukweza zala zitatu. Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha. Anakhala pansi m'matope momwemo, ndi diresi lawo loyera la kumvano, n'kugwira dzanja la nkhalambayo.

Zomwe amayi anamva popanda kuuzidwa, ine ndinadzazimva nditakula. Kwathu timati nthayo: mwana wobadwa wakufa, kapena wongopuma pang'ono n'kupita asanatulutsidwe m'chikuta. Kalelo mwana wotere sankapita kumanda. Sankamulira, sankamutcha dzina, sankamukhomera bokosi. Amayi okhaokha ankamunyamula n'kukamuika m'kadzenje kosazama, ponyowa, m'mbali mwa madzi, ndipo amuna sankauzidwa malo ake, ngakhale bambo wake yemwe. Agogo anaika atatu pansi pa katope uja, mmodzi pambuyo pa mnzake, aliyense n'kumuvindikira ndi phale. Ndipo sanali okha. Gombe lonse lija, lomwe amuna anakumba zaka zonsezo n'kumangira mashopu, linali la amayi a m'midzi yozungulira. Amunawo sankadziwa, ndipo amene ankadziwa, mwambo unawatseka pakamwa. Agogo ankakumbukira kuti dothi la khoma lakuti linachokera pa malo a mayi wakuti.

Amayi anaimirira, nayang'ana bambo. “Bambo a Edina,” anatero motsitsa, powaitanira dzina langa, “apa ndi pa amayi.”

Basi, mawu ake anali omwewo. Bambo anavula chipewa. Anauza oumba aja kuti atole makasu, ndipo anthu pamtunda paja, akuluakulu ake makamaka, anayamba kuchoka mmodzimmodzi osayang'anana. Chibuma chija ndinamva chikugwa pansi.

Koma dzenje linali litakumbidwa kale, dothi litapondedwa, njerwa zitaumbidwa. Mapale ena awiri aja sanapezeke. Bambo anati aziphwanya njerwa zonsezo n'kubwezera dothi m'malo mwake, akwirire, adzalepo udzu. Agogo anatuluka m'dzenje mothandizidwa ndi amayi, n'kuyamba kuyenda m'mizere ya njerwa ija pang'onopang'ono, akuvundukula udzu, akugwira iyi, akugwira iyo. Kunali zii. Ngakhale mtsinje sindikukumbuka kuti unkamveka.

“Mukabwezera, mawa kubwera wina ndi khasu,” anatero. “Adzamangira chimbudzi, kapena bala. Ine nditafa, adzakhala m'dzenje ndani?” Anapukuta manja pachitenje. “Mangirani, adada. Kweni ndapota, izi muziike kuchipinda kwa ana. Sanagonepo m'nyumba.”

Bambo anga, munthu wosalira ngakhale pamaliro a mayi awo, anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya nthawi yaitali.

Anachitadi zomwezo. Njerwa zimenezo anaziwotcha pazokha, pa kauvuni kakang'ono, zina zonse n'kukagula kwina, ndipo zinakwanira khoma limodzi, la kum'mawa, m'chipinda chomwe ndinkagona ine ndi mng'ono wanga Tamala. Ndisaname, ndinkaopa. Miyezi yoyamba mphasa yanga ndinkaikokera pakati penipeni. Khomalo linali ndi khalidwe lake: pulasitala ankauma paliponse, koma pamenepo, m'munsi, pankatuluka timadontho ta chinyezi ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo ankati ndi mchere wa m'dothi. Kapena unalidi mchere, ine ndingadziwe bwanji.

Agogo ankabwera masana aliwonse Lamlungu akachoka kutchalitchi. Ankapempha madzi akumwa, kucheza pang'ono ndi amayi, kenako n'kunena kuti msana ukuwawa, akapumeko. Ankalowa m'chipinda chathu, kukhala pansi, kutsamira khoma lija, n'kumaimba pansipansi kanyimbo ka Chitumbuka kotonthozera mwana. Anachita zimenezi mpaka chaka chomwe anamwalira.

Tamala pa nthawiyo anali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, wosadziwa kanthu, ndipo palibe anamuuzapo nkhaniyi. Tsiku lina masana, patapita sabata zingapo chiikireni agogo, ndinamupeza atakhala chopenya kukhoma, akunyema mbatata yake yowotcha n'kumaika tizidutswa pansi motsatana. Ndinamukalipira kuti akuitana nyerere.

“N'za anzanga,” anatero osacheuka. “Akuti agogo achedwa.”

Ndinawerenga tizidutswato: tinali titatu. Sindinamukalipirenso.

Lero Mzimba yakula moti ndikatsika basi ndimasochera. Katope uja anadulidwa, pamalopo pali potsukira magalimoto. Makolo anga onse anapita, nyumba inatsalira ife, ndipo alongo anga awiri apeza munthu wofuna kuigwetsa kuti amangepo malo ogona alendo. Amandiimbira foni kawirikawiri, amati ndine wouma mutu, kanyumba kong'aluka kameneko kali ndi chiyani. Ndine mphunzitsi, ndimaphunzitsa sayansi, ndipo mwambo uja sindiuikira kumbuyo, unazunza amayi ambiri. Ndikhoza kuwafotokozera zonse lero lomwe. Koma ndikati nditsegule pakamwa, ndimamva kale kuseka kwawo, ndipo ndimangoti, “Sindisaina.” Mwezi uno ndatumiza mmisiri akasinthe malata awiri pamwamba pa chipinda chija, chifukwa payamba kudontha, ndipo m'menemo muli ana.