Mapilisi a Nelia ndi Mbira Zanga

Ndikukumbukira kuseri kwa nyumba yathu ya kanselo ku Matero, kumene kunali khola langa la mbira. Ndinalimanga ndi malata akale ndi njerwa zosweka, ndipo linkanunkha mkodzo ndi masamba a mbatata ovunda. Mbira zinalipo zinayi, zowonda moti ukazinyamula unkamva nthiti. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndisanapondepo m'kalasi. Sukulu ndinadzayamba ndevu zili pafupi kumera.

Mlongo wanga wamng'ono, Nelia, ankadwala mphumu. Ikamugwira, chifuwa chake chinkalira ngati ketulo yowira. Kuchipatala anamupatsa timapilisi toyera, towawa, m'kaenvulopu kolembedwa mawu amene sindinkatha kuwerenga. Atamwa miyezi ingapo anayamba kupuma bwino, ndipo nkhope yake inafufuma ngati chitumbuwa. Amayi a mumsewu wathu ankamutsina masaya, n'kumayamikira kuti mwana wanenepa.

Ine ndinayang'ana masaya a Nelia, ndinayang'ana mbira zanga, nzeru n'kubwera. Amayi akapita kumsika kukagulitsa tomato, ndinkakwera pampando, kutsitsa kaenvulopu pamwamba pa kabati, n'kutengamo mapilisi awiri. Ndinkawapera ndi supuni n'kusakaniza ndi gaga. Mbira zinkadya, ine n'kumazikweza m'manja kuti ndimve ngati zalemera.

Mapilisi anatha tsiku lakuchipatala lisanakwane. Amayi anakutumula kaenvulopu, anadabwa, koma poona kuti Nelia akusewera bwino anati adikira. Patapita masiku ochepa, Nelia anayamba kusanza, kenako anagwa pakhonde, milomo itatuwa, mpweya ukukana kulowa. Amayi anamubereka n'kuthamangira naye kuchipatala, ine ndikutsatira ndi nsapato zake m'manja.

Nesi anakalipira amayi pamaso pa anthu onse. Anati mankhwala amenewo sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo anawafunsa ngati anawagulitsa pamodzi ndi tomato. Amayi anangoweramitsa mutu. Nelia anagonekedwa sabata ziwiri, anachira. Atate anakhala nthawi yaitali osalankhula ndi amayi. Ine ndinatseka pakamwa, ndipo amayi anamwalira ndisanatsegule. Mbirazo sizinanenepe ngakhale pang'ono. Imodzi inadyedwa ndi mphaka wa aneba.

Mwezi watha mdzukulu wanga Mapalo, amene ali ku yunivesite, ankawerenga pakhonde langa. Pakompyuta pake panali chithunzi cha kangaru, nyama ija yobereka mwana m'thumba la pamimba. Anandifotokozera kuti akuphunzira za chiwindi cha nyama zoterozo. Anati m'chiwindi muli tinthu totchedwa maenzaimu, tomwe timaphwanya masiteroidi, kaya opangidwa ndi thupi kaya omwa ngati mapilisi. Nyama iliyonse ili ndi chigayo chakechake, ndipo chogwira ntchito mwa munthu sichichita chimodzimodzi mwa nyama ina.

Ndinafunsa ngati masiteroidiwo ndi aja a mphumu otupitsa nkhope. Anavomera. Ndinafunsanso za mbira.

“Bashikulu, mbira futi? Kodi mufuna kuyamba bizinesi?” anatero akuseka, poti ndi mmene amaitanira agogo akefe.

Sindinaseke. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Chawama, kumene Nelia amagulitsa makala pageti pake. Nayenso tsopano ndi agogo, ndipo kapampu ka mphumu amakamangirira pansonga ya chitenje. Ndinakhala pachidebe n'kumuuza zonse, maso ali pansi.

Anapukuta manja ake akuda n'kundiyang'ana.

“Ba Yotamu, mwabwelela ivi chabe? Amai benze baziba. Pamene tinachoka ku chipatala banapeza vibenthu va mapilisi mu gaga yanu. Bananiuza nitakula. Banakamba ati, atate banu bakamvela, uja mwana bazamupaya.”

Anandigulira chimanga chootcha, tinadya.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mabotolo ena a mankhwala ali ndi zivindikiro zoti mwana sangatsegule, ana aang'ono amawerenga, ndipo mdzukulu wanga amadziwa za chiwindi cha nyama imene sanaionepo ndi maso. Ine kaenvulopu kalikonse kakuchipatala ndimakawerenga kawiri, chala chili pamawu. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndasenza chinsinsi ndekha, chikhalirecho amayi anachisenza nane limodzi mpaka kumanda, ataweramitsa kale mutu m'malo mwanga pamaso pa nesi uja.