Ankolo Mbewe Anati Akubwera

Ndikangomva fungo la utomoni wa paini losakanikirana ndi dizilo, ndimaona ankolo Mbewe ataima pakhomo pathu ku Clondalkin, m'dziko la Ireland, akupukuta matope a nsapato zawo zazikulu pachiguduli, jekete yachikasu ikudontha madzi, uku akufunsa amayi ngati mwatsala tiyi m'ketulo. Sanali achibale athu. Ife ndi a ku Zomba, iwo a ku Dedza, koma nyumba zathu zinkagawana khoma limodzi, moti akatsokomola kwawo ife tinkamva kwathu.

Ankayendetsa lole yonyamula zipika kumapiri a Wicklow, m'misewu ya m'nkhalango yopanda phula, yopapatiza moti malole awiri sangadutsane. Kumeneko foni sigwira, ndiye madalaivala ankadalira wayilesi yolankhulirana, ija timati ovaova. Lamulo lake ankalinena ngati pemphero: lole yodzaza ikamatsika, yopanda katundu idikire m'munsi pamalo otakasuka, isayerekeze kukwera mpaka inzakeyo itadutsa.

Khirisimasi ina anagula timawayilesi tiwiri tachidole, kamodzi kanga, kena kawo. Anali ndi cholinga. Ine Chichewa ndinkamva bwinobwino koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo izi zinkawawawa ngati ndawaponda chala.

"Pawayilesi iyi Chingerezi ayi," anatero. "Ukadina batani, unene pamene uli ndi kumene ukupita, basi usiye. Ukamangogwira batani, mnzako sungamumve. Wamva, Tadala?"

"Yes."

"Aa, iwe! Yesiyo ndi ndani?"

"Ndamva, ankolo."

Loweruka lililonse m'mawa kawayilesi kankayamba kuphwephwetera pansi pa pilo wanga. "Tadala, uli pati? Ova." Ine n'kuthamanga: "Ndili kukhitchini, ndikupita kubafa. Ova." Iwo: "Wadzaza kapena ulibe katundu?" Ndikati ndadzaza phala, chiseko chawo chinkandifika kawiri, pawayilesi ndi pakhoma. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachitola mwanjira imeneyo.

Chingerezi chawo chinali chabwino ndithu, kupatula pamodzi. Kwathu munthu akamachoka pang'ono amati "ndikubwera", kutanthauza kuti abweranso posachedwa. Ankolo ankangowatembenuza mawuwo momwemo: "I'm coming," uku akupita. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi anawauza choncho ansembe achiairishi n'kulowera koimika magalimoto, ansembe n'kutsala atatambasula dzanja, kudabwa. Ine ndinaseka mpaka kugwira pamimba.

"Ankolo, satero! Azungu akamva zimenezo amaganiza kuti..."

Sindinamalize. Amayi anandikoka khutu pomwepo, ndipo titafika kunyumba anandikhazika pansi.

"Wakula eti? Chingerezi cha kusukulucho chakupatsa mwano? Mwana sakonza munthu wamkulu pagulu. Ndisadzamvenso."

Sanamvenso. Ankolo anapitiriza kunena zomwezo, ine n'kumangosekera m'mimba.

Mu Januwale wa chaka chimene ndinakwanitsa zaka leveni kunazizira koopsa, mapiri aja anayera ndi sinowo, ndipo madzi ankauma ngakhale m'chidebe cha panja. Lachiwiri lina masana ndikuchokera kusukulu ndinapeza anti, akazi awo a ankolo, atakhala pansi pakhomo opanda nsapato, amayi atawagwira mapewa. Ankolo anali kuchipatala. Anagona kumeneko masiku atatu osatsegula maso, tsiku lachinayi lake anatisiya.

Zimene zinachitika tinazimva pamaliro, m'chipinda chochezera cha anti mutadzaza Amalawi anzathu okhala ku Tyrrelstown ndi ku Blanchardstown, mazenera atachita thukuta ndi mpweya wathu, azimayi akuimba motsitsa. Kunabwera Declan, mzungu wamtali amene ankagwira nawo ntchito, chipewa chili m'manja. Anakana mpando. Anafotokoza m'Chingerezi, ataimirira.

Tsikulo ankolo ankatsika atadzaza zipika, Declan akudikira m'munsi ndi lole yopanda katundu. Declan anawafunsa pawayilesi kuti ali pati. Iwo anayankha kuti "I'm coming," n'kusiya batani. Koma lole inali itaima. Lamba womanga zipika anali atakhwefuka, ndipo iwo ankatsika kuti akamange. Anatereleka pa ayisi, n'kugwera m'ngalande, kuthyoka chiuno ndi kumenyetsa mutu pamwala. Wayilesi inatsala m'galimoto.

Declan anadikira. Akanatani? Munthu wakuuza kuti akubwera, atadzaza, pamsewu woterera, iwe sungakwere. Anaitana, kuli zii, n'kuganiza kuti ankolo agwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anaitananso, kuli zii. Atatopa anasiya lole n'kukwera wapansi, akuterereka, ndipo pofika anapeza ankolo atazizira kale mpaka milomo kusintha mtundu. Madokotala anati chiuno ndi mutu akanachira, chimene chinawapha ndi kuzizira.

Mwamuna wamkuluyo analira ngati mwana. Ankangobwereza funso limodzi: ankolo akanangonena kuti aima, iye akanathamangira komweko, nanga ananeneranji kuti akubwera?

Akuluakulu onse anawerama, chifukwa aliyense mmenemo anamva chimene chinachitika, ndipo aliyense ankanena mawu omwewo tsiku ndi tsiku. Panalibe wofuna kuyamba. Ndinayankha ndine, nditakhala pamasitepe, m'Chingerezi changa cha kusukulu chija. Ndinamuuza kuti ankolo sananame, kwathu munthu amatero akamachoka pang'ono, ndipo iye sanalakwe kudikira.

Declan anakhala pansi pompo, pakapeti, pakati pa azimayi. Ine ndinayang'ana amayi, ndikudikira diso lawo londidzudzula. Anali atadziphimba kumaso ndi chitenje.

Ndinakwiya nawo amayi kwa zaka, ndisaname. Ndinadzikwiyiranso ndekha, chifukwa Loweruka lililonse ndinali ndi kawayilesi m'manja, popanda gulu, popanda wondikoka khutu, ndipo chiganizo chimodzi chowakonza ankolo chikanakwanira. Ndinasankha kukhala mwana waulemu.

Anti anabwerera ku Dedza ndi thupi, ndipo m'nyumba muja munalowa anthu ena amene kutsokomola kwawo sindikudziwa. Kawayilesi kanga kali m'dirowa, mabatire anatha kalekale. Kawo sindidziwa kumene kanapita.

Panopa ndine munthu wamkulu, ndipo anzanga amati ndili ndi pakamwa. Nzoona. Kaya agogo kaya abusa, akanena chinthu chimene chingamveke mokhota, ndimawakonza pomwepo, akwiye asakwiye. Za tsiku la kutchalitchi lija amayi ndi ine sitinakambiranepo. Koma sabata yatha ndili kwawo, anavala jekete, n'kutenga chikwama, n'kugwira chitseko.

"Ndikubwe..." Anaima, dzanja lili pachitseko, osanditembenukira. "Ndikupita kushopu yapakona, Tadala. Ndikachedwa kupyola mphindi teni, unditsatire."

"Ndamva, amayi."

Ndinakhala pazenera mpaka anabwera.